Mutu 5: Elinata ndi Batire la Atate

1. Lamulo la a Zebron

M'mudzi umene Elinata ankakhala, kudera la Zemba, galimoto inalipo imodzi basi, ndipo inali ya atate ake, a Zebron Mbewe. Sinali galimoto yoti munthu n'kunyadira. Chitseko chakumbuyo ankachitsekula ndi waya, ndipo utoto unasuluka kalekale moti anthu ankatsutsana ngati poyamba inali yoyera kapena yotuwa. Komabe ndiyo inkapita ndi odwala ndi matumba a mtedza ku boma la Chadiza, n'kubwerako ndi feteleza, nthawi zina ndi maliro.

Mwezi umenewo a Zebron analeka maulendo onse. Mwana wawo woyamba, Lonia, mkulu wake wa Elinata, anali woyembekezera ndipo masiku anali atayandikira. Mimba yake yoyamba inathera m'misozi. Anesi a pakachipatala ka m'deralo ananena mosabisa kuti ulendo uno Lonia asachirire pakhomo, koma ku chipatala chachikulu cha ku boma. Banja linagwirizana zokamusiya kumeneko Lolemba kuti azikadikirira pafupi.

Lachisanu m'mawa a Zebron anaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango, itayang'ana kumsewu. Atapukuta manja, anaitana Elinata.

“Ndikulankhula ndi iwe, chifukwa pakhomo pano wamanja oyabwa ndiwe. Galimoto iyi ndaiyang'anitsa kumsewu dala. Mafuta alimo, matayala ndapopa, batire ndi latsopano, ndagulitsira mbuzi ziwiri. Komanso udziwe kuti iyi ndi ya otomatiki. Si zija zakale zoti anyamata anayi akakankha zalira. Iyi batire likagona, nayonso yagona, ngakhale mudzi wonse ubwere kudzakankha. Choncho pasapezeke woyatsa wailesi m'menemu, kapena wotchajamo foni. Ine ndayendetsa malole zaka makumi awiri. Ndaona anthu akutsirizikira m'mbali mwa msewu chifukwa cha kanthu kochepa ngati waya. Chakudza sichiimba ng'oma, mwanawe. Moyo wa mkulu wako uli pansi pa boneti iyi.”

“Ndamva, atate,” anatero Elinata.

Anamvadi. Makutu ake analibe vuto lililonse.

2. Ola limodzi lokha

Loweruka a Zebron analiza injini m'mawa monga ankachitira tsiku lililonse, kenaka anakwera njinga kupita ku msonkhano wa akulu a mpingo ku Pembamoyo. Amayi anali kumunda wa mtedza. Lonia anali chigonere m'nyumba, miyendo itatupa.

Chakumasana kunabwera Terrance, mnyamata woimba kiyibodi m'kwaya ya achinyamata. Elinata, amene anali mu Giredi 9, ndiye ankatsogolera nyimbo m'kwayamo, ndipo mawu anali nawodi, zimenezo sitingamumane. Tsiku limenelo anayenera kujambula nyimbo pa foni n'kuitumiza ku mpikisano wa makwaya ku boma.

“Zathu zada,” anatero Terrance. “Batire la sola la kutchalitchi latupa, lafa. Popanda kiyibodi tikaimba ngati tili pamaliro.”

Polankhula, maso ake anali pa galimoto.

“Usayerekeze,” anatero Elinata. “Atate anakaniza.”

“Ola limodzi lokha, Eli. Kiyibodi imadya moto wanji, kanthu kakang'ono ngati kaja? Tikabweza adala asanafike. Kapena ukufuna kuti a ku Pembamoyo apambanenso chaka chino, iwe mawu ako akuwolera m'khosi?”

Pakamwa pa Terrance panali posalala, ndipo Elinata ankafunitsitsa kuti mawu ake akamveke ku boma. Anasuzumira m'nyumba, naona Lonia ali m'tulo. Anatenga sipanala pansi pa mpando wa dalaivala, natsekula boneti. Anamasula mateminolo onse awiri, pamene mawaya amagwira batire, namasulanso mphira womangira batire. Analikweza pa njinga ya Terrance, nalifunditsa thumba.

Ku tchalitchi ola limodzi lija linabala ana. Nyimbo anaijambula kasanu ndi kawiri, chifukwa nthawi iliyonse wina ankatsokomola kapena kuphonya. Analumikizanso sipika yaikulu kuti besi imveke. Anyamata ataona moto waulere, anapanikiza mafoni awo pa batire lomwelo, asanu ndi limodzi.

Dzuwa litapendeka, kiyibodi inayamba kusasa mawu. Kenaka inangozima yokha, pakati pa vesi.

“Laphwa?” anafunsa Elinata.

“Langotopa,” anayankha Terrance. “Likagona limadzuka ndi mphamvu. Mabatire amatero.”

Terrance za batire ankazidziwa monga mmene nkhuku imadziwira za njinga. Koma Elinata anakhulupirira, chifukwa ankafuna kukhulupirira.

Anabweza batire m'malo mwake, namangitsa mateminolo, napukuta ndi nsanza paliponse pamene anagwira. Akutseka boneti, Lonia anatulukira pakhonde, dzanja lili m'chiuno.

“Nyimbo yanu imamveka mpaka kuno,” anatero Lonia akumwetulira. “Mwanayu amavina m'mimbamu. Tabwera undimangire katundu wake, ine kuwerama sinditha.”

Elinata anaika matewera, kachipewa ndi kashawelo koyera m'beseni latsopano. Anakulunga zonse ndi chitenje chobiriwira, namanga mfundo ziwiri pamwamba.

3. Tiki, tiki, tiki

Tsoka silinunkha. Matenda sanadikire Lolemba. Lamulungu dzuwa litangotuluka, amayi anatuluka m'chipinda cha Lonia akumanga mpango kumutu.

“Atate ake Lonia, nthawi yakwana. Tisachedwe.”

Mwamuna wa Lonia, a Ezara, anamugwira mkazi wawo mpaka kumugoneka pampando wakumbuyo. Elinata anaika beseni lija kutsogolo. A Zebron anakhala pachiwongolero napotoza kiyi.

Tiki, tiki, tiki.

Anapotozanso. Timagetsi ta patsogolo pawo tinayaka mofooka, n'kuzilala. Anadina hutala, ndipo inalira ngati kamwana ka mbuzi kachimfine.

A Zebron anatsika natsekula boneti. Anayang'ana batire, naligwedeza. Zonse zinali m'malo mwake. Anatembenuka nayang'ana aliyense amene anali pabwalopo.

“Pali amene wakhudza galimotoyi chichokereni ine dzulo?”

A Ezara anapukusa mutu. Amayi anati iwo anaswera kumunda. Maso a a Zebron anafika pa Elinata.

“Ayi, atate,” anatero Elinata, akuyang'ana zala za kumapazi.

Mawu awiri okha, ndipo anatuluka mosavuta. A Zebron anamukhulupirira mwana wawo, nayamba kuganiza monga dalaivala wodziwa ntchito.

“Tamverani, a Ezara, muphunzirepo. Galimoto ikamati tiki tiki, magetsi n'kumafooka, woyamba kumukayikira ndi batire. Koma ili ndi latsopano, dzulo m'mawa laliza injini kamodzi n'kamodzi, ndipo palibe walikhudza. Batire silitha moto lokha ngati munthu wodwala malungo. Ndiye kuti moto ulimo, koma ukusowa podutsa. Tiyambira pa mateminolo. Akakhala bwino, tiona waya wopita ku chitsulo cha galimoto. Zikakanika pamenepo, ndiye kuti ndi sitata, kamakina kolizira injini. Elinata, thamanga ukatenge madzi otentha ndi soda.”

Elinata anathamanga. Anabwera ndi madzi, nawaona atate ake akutsuka mateminolo amene analibe litsiro. A Zebron anawapala ndi mpeni mpaka kunyezimira, namanganso. Tiki, tiki, tiki.

Anatsata waya wakuda mpaka pamene unamangidwa ku chitsulo. Anaumasula, naupala, naubwezera. Tiki, tiki. Ulendo uno kulira kwake kunali kotsika kuposa poyamba.

A Ezara anakwera pachulu pamene netiweki imagwira, naimbira ambulansi. Anabwerako nkhope itagwa.

“Akuti yapita ku Chipata ndi wodwala wina. Akuti tipeze njira tokha.”

Njira ina inali ngolo, koma ng'ombe zikanafika ku boma dzuwa litalowa. Panjinga yamoto Lonia sakanatha kukhala. Belu loyamba la ku tchalitchi linalira. A Zebron anayala thumba pansi, nakwawira kunsi kwa galimoto. Anagogoda sitata ndi sipanala, a Ezara akupotoza kiyi. Sipanamveke kanthu.

“Ndi sitata basi,” anatero ali kunsiko. “Ndiichotsa ndiitsekule. Ndipatseni masipanala onse.”

4. Wina aulule

Belu lachiwiri linalira. Anthu opita ku tchalitchi ankapatuka, n'kuima chapatali, mabuku a nyimbo ali m'manja. Lonia anali atayamba kubuula, ndipo amayi anatchinga mawindo a galimoto ndi zitenje.

Pakati pa anthuwo panali azakhali a Cathrine, mlongo wawo wa a Zebron, mayi wosasunga mawu m'kamwa. Anaima patsogolo pa a Ezara, manja ali m'chiuno.

“Inu akamwini, ife si ana. Galimoto yabwinobwino dzulo, lero yamangika. Mwana wathu nayenso njira yamangika, kachiwiri kameneka. Makolo athu ankati zikatere pali wina wayenda mokhota. Musatiphere mwana ndi manyazi anu. Ngati munapita kwina, ululani pompano njira itseguke. Chobisa chimapha, ndipo sichipha mwini wake, chimapha wosalakwa.”

A Ezara anali munthu wofatsa, wosadziwa kukangana. Anagwada pafumbi, anthu onse akuona, misozi ikutsika.

“Apongozi, Mulungu ndi mboni. Ine sindinalakwire Lonia.”

Anthu anayamba kunong'onezana. Elinata anamva manyazi aakulu ndi mantha. Nthawi yomweyo amayi anamukodola kuti abweretse madzi akumwa.

M'galimoto munali motentha. Lonia anali thukuta lokhalokha, milomo itayera. Pachitenje chimene anagonera panali magazi, ndipo amayi anafulumira kuphimbapo. Lonia anagwira dzanja la mng'ono wake nalifinya.

“Usalire, Eli,” anatero motsitsa. “Atate amaidziwa galimoto yawo. Ilira posachedwa.”

Elinata anatuluka. Anazungulira galimoto mpaka pamene panatulukira miyendo ya atate ake, nagwada pomwepo.

“Atate.”

“Ndipatse sipanala yaing'onoyo.”

“Atate, sitata ilibe vuto. Batire ndinalichotsa dzulo. Tinakaimbira kiyibodi ku tchalitchi mpaka inazima yokha. Alamu sanalakwe kanthu. Ndine.”

Kenaka a Zebron anatuluka pang'onopang'ono. M'manja mwawo munali sitata, atamaliza kale kuichotsa. Anaiyang'ana, nayang'ana dzuwa, nayang'ana mwana wawo. Azakhali a Cathrine anatsekula pakamwa, koma a Zebron anakweza dzanja.

Sanamumenye. Sanakweze n'komwe mawu, ndipo zimenezo zinamuwawa Elinata kuposa mbama.

“Kutenga batire kunali kupusa kwa mwana, ndipo kupusa timakonza. Ukanandiuza pamene ndinafunsa paja, bwenzi nditabwereka batire lina, bwenzi pano mkulu wako ali pabedi m'manja mwa adokotala. Koma unandiyang'ana ndikutsuka zoyera kale. Unanditengera madzi ndi manja ako. Unandiona ndikukwawa pansi ngati buluzi, ndikumasula chinthu chabwinobwino, iwe uli chete. Wokonza galimoto ali ngati dokotala, amayendera zimene wauzidwa. Ukamunamiza, amang'amba pamene palibe nthenda. Tsopano sitata iyi ndiyenera kuibwezera, ndipo ndi ola lina limenelo. Zolira usiye. Kwera njinga upite kwa a Wadson ku sukulu, ukawapemphe batire la sola la kunyumba kwawo ndi mawaya okhuthala. Ukawauze zoona zake.”

5. Moto wobwereka

Kwa a Wadson, mphunzitsi wa sayansi, kunali kutsidya kwa dambo. Elinata anapalasa njinga osaona mabampu. Anawapeza atavala jekete, akutseka chitseko kuti azipita kopemphera. Anawauza zonse, osasiyako.

A Wadson sanataye nthawi ndi mafunso. Anamasula batire lawo, nalimangirira pakaliyala, nakulunga mawaya awiri okhuthala. Anangoti, “Batire la galimoto silidzuka ndi tulo, Elinata. Tinaphunzira zimenezi temu yatha, iwe unali pa desiki yachiwiri.”

Pobwerera njinga inalemera. Pa dambo tayala linatitimira m'matope, ndipo Elinata anatsika n'kukankha, a Wadson akugwirira batire kumbuyo. Nsapato imodzi inatsala m'matopemo, koma sanabwerere kukaitenga.

Anapeza a Zebron akadali kunsi, akulimbana ndi bawuti yomaliza. Zala zawo zinali zitachekeka. Amayi a chigwirizano cha mpingo anali atazungulira galimoto, akuimba motsitsa. Lonia sankabuulanso mokweza, ndipo amayi ake ankangomutchula dzina kuti asagone.

A Zebron atatuluka, anaika batire la a Wadson pafupi ndi lawo.

“Pulasi ku pulasi, mayinasi ku chitsulo. Mukasemphanitsa, tiwotcha zonse. A Wadson, gwirani apa mwamphamvu. A Ezara, musapotoze msanga, liyambe lamwako pang'ono.”

Anadikira. Kudikira kwake kunali kwa mphindi zochepa. Kenaka a Zebron anagwedeza mutu, a Ezara napotoza kiyi.

Injini inakoka kamodzi, kawiri, n'kulira.

Palibe amene analuluta. Dzuwa linali litafika pamutu. Galimoto imene inayenera kunyamuka mame asanaume inali kunyamuka nthawi yotuluka m'tchalitchi.

Elinata anagwira chitseko kuti akwere, koma atate ake anamuletsa.

“Iwe utsala. Ubweze batire la aphunzitsi, usamale pakhomo.” Anakhala pachiwongolero, kenaka anasuzumira pawindo. “Ukudziwa mmene ndimachitira. Ndikamabwera ndi uthenga wabwino, ndimaliza hutala katatu pa mlatho.”

Mudzi wonse unkadziwa zimenezo. Akabwera ndi mwana wobadwa kumene, kapena wodwala amene wachira, a Zebron ankaliza katatu pa kamlatho ka kumunsi kwa mudzi, amayi n'kuyamba nthungululu galimoto isanaoneke. Akabwera ndi zina, ankadutsa mwakachetechete.

6. Pa mlatho

Anthu anabalalika mmodzimmodzi. Azakhali a Cathrine anachoka osatsanzika, osapepesa n'komwe kwa a Ezara. Terrance sanaoneke tsiku lonse. Anangotumiza kamwana kudzanena kuti nyimbo ija yalandiridwa ku boma, ndipo akuti mawu a wotsogolera ndi okoma kwambiri. Elinata anamva uthengawo, nalowa m'nyumba.

Anabweza batire la a Wadson. Anasesa pabwalo, natunga madzi, natsekera mbuzi zimene zinatsala. Pansi pa mango panali thumba lija atate anagonera, kapu ya soda, ndi madontho a oyilo. Anazitola zonse, koma madonthowo anakana kuchoka.

Kenaka anakhala pachitsa, nkhope italoza kumsewu. Njinga yamoto ikadutsa, ankaimirira. Mbalame ikalira kudambo, ankatchera khutu. Sanadye kanthu, ndipo njala sanaimve.

Dzuwa litatsala pang'ono kulowa, anamva kulira kwa injini kuseri kwa phiri. Anaidziwa. Anathamangira kumpanda, naona fumbi likutsetsereka kulowera ku mlatho. Matabwa a pamlatho anagunda pamene matayala akutsogolo anakwera. Anagundanso pamene akumbuyo anatsika.

Elinata anadikira hutala, atagwira mpanda ndi manja onse awiri. Koma sinalire.

Galimoto inakwera chitunda pang'onopang'ono mpaka kufika pansi pa mango. Munali a Zebron okha. Sanazimitse injini, ndipo sanatsike. Maso awo anali ofiira.

“Atate, asisi ali bwanji?”

“Ali moyo. Awang'amba, ataya magazi ambiri, koma ali moyo. Amako ndi alamu ako atsala nawo.”

“Nanga mwana?”

A Zebron anayang'ana kutsogolo, manja ali pachiwongolero. Elinata anasuzumira pawindo. Pampando wakutsogolo panali beseni lija, lokulungidwa ndi chitenje chobiriwira. Mfundo ziwiri zimene anamanga dzulo zinali chimangire.

“Lonia watsitsimuka,” anatero a Zebron. “Wafunsa chifukwa chimene galimoto inachedwera. Ine sindinamuyankhe, amako sanamuyankhe. Ndamuuza kuti ndikukatenga munthu amene akudziwa. Chotsa beseni pampandopo, ukhale.”